Ma millennial ndi ndalama: n'chifukwa chiyani sagula monga ankagulira makolo awo?

[Pa sikirini: mbale ya buledi wopaka peyala ndi kapu ya khofi]

Mu 2017, mpondamatiki wina wa ku Australia womanga ndi kugulitsa nyumba, Tim Gurner, ananena pa TV kuti achinyamata akulephera kugula nyumba chifukwa ndalama zawo zikuthera pa buledi wopaka peyala ndi khofi wa m'malesitilanti. Mawuwo anamveka dziko lonse, ndipo mpaka pano alipo anthu amene amawakhulupirira. Ife tiwayesa ndi masamu.

[Pa sikirini: mzere wa zaka kuyambira 1946 mpaka 1996]

Choyamba, tikunena za ndani? Bungwe la Pew Research Center limati ma millennial ndi anthu obadwa pakati pa 1981 ndi 1996. Makolo a ambiri mwa iwo ndi ma baby boomer, obadwa pakati pa 1946 ndi 1964. Pakatipo pali Generation X. Malire amenewa anadulidwa ku America, choncho ziwerengero zomwe mumve pano n'za kumeneko.

Taonani nthawi yomwe m'badwo umenewu unayamba ntchito. Mu Seputembala 2008 banki ya Lehman Brothers inagwa, chuma n'kusokonekera, ndipo pofika Okutobala 2009 ulova unali pa 10 peresenti. Wobadwa mu 1986 apo n'kuti akungotuluka kumene ku yunivesite. Munthu woyamba ntchito nthawi yotereyi amavomera malipiro otsika, ndipo pokweza malipiro mabwana amawerengera pa omwe unayambira. Bala lake limatenga zaka kuti lipole.

Komanso ambiri anatuluka ndi ngongole ya fizi pamsana. Kuchokera m'zaka za m'ma 1980, fizi ya m'mayunivesite a boma yakwera kuposa kawiri, ngakhale titachotsera kukwera kwa mitengo ya zinthu zonse. Ngongole za sukulu ku America zaposa madola 1.7 thililiyoni, ndipo anthu pafupifupi 43 miliyoni ali ndi ngongole ya boma yamtunduwu. Ndalama imeneyi imachoka mwezi ndi mwezi munthu asanagule n'komwe sopo.

[Pa sikirini: nyumba, pansi pake palembedwa $400,000]

Tsopano nyumba, pomwe pagona nkhani yonse. Nyumba yapakatikati ku America masiku ano ili pafupifupi madola 400,000. Kuti banki isakuikireni inshuwalansi yowonjezera pa ngongole, muyenera kulipiratu 20 peresenti. Amenewo ndi madola 80,000, m'manja.

Tibwerere kwa Gurner. Tiyerekeze kuti mwasiya khofi ndi buledi uja, mukusunga madola 20 tsiku lililonse osadumphitsa. Pa chaka ndi madola 7,300. Kuti mufike pa 80,000 pafunika zaka pafupifupi 11, ndipo m'zaka zonsezo mtengo wa nyumba sukudikirani. Mukulipiranso lendi.

Mwapeza dipozitiyo, mwakongola madola 320,000 obweza kwa zaka 30. Chiwongoladzanja chikakhala 3 peresenti, pamwezi mumalipira pafupifupi madola 1,350. Chikakhala 7 peresenti, mumalipira pafupifupi madola 2,130. Nyumba yomweyo, ngongole yomweyo, kusiyana madola 780 mwezi uliwonse. Mu Januwale 2021 chiwongoladzanjacho chinatsika kufika pa 2.65 peresenti. Pofika Okutobala 2023 chinali chitayandikira 8 peresenti.

Akuluakulu ali ndi poyankhira, ndipo sakunama. Mu 1981 chiwongoladzanja cha ngongole za nyumba chinadutsa 18 peresenti. Kungoti nthawi imeneyo mtengo wa nyumba unali wotsika pouyerekeza ndi malipiro, dipoziti inali yofikirika, ndipo chiwongoladzanja chitatsika anthu anasintha ngongole zawo n'kutenga zotsika mtengo. Chiwongoladzanja mutha kuchisintha patsogolo. Mtengo womwe munagulira nyumba sumasinthika. Bungwe la ogulitsa nyumba ku America la National Association of Realtors limasonyeza kuti wogula nyumba koyamba mu 1981 ankakhala wa zaka pafupifupi 29. Mu 2024 anali wa zaka 38.

[Pa sikirini: ndandanda ziwiri zogulira zinthu, zoyandikana]

Nyumba ikachedwa, zambiri zimachedwa nayo. Mu 1960 akazi ku America ankakwatiwa koyamba ali ndi zaka pafupifupi 20, amuna ankakwatira ali ndi 23. Lero ndi pafupifupi 28 ndi 30. Munthu wokhala m'chipinda cha lendi m'tauni sagula makina otchetchera kapinga, firiji yaikulu kapena galimoto ya banja. Ndalama yake imaoneka pa lendi, pa foni, pa chakudya chogula chophikaphika ndi pa maulendo. Woonera patali amati, "Ana awa amakonda zosangalatsa, sakonda katundu." Mu 2018 akatswiri atatu a ku Federal Reserve, banki yaikulu ya America, anafufuza funso lomweli. Anapeza kuti ukaganizira zaka, malipiro ndi kukula kwa banja, zokonda kugula za ma millennial sizisiyana kwenikweni ndi za mibadwo yam'mbuyo. Chomwe chinasiyana n'chakuti anali ndi malipiro ochepa ndi chuma chochepa pa msinkhu womwewo.

[Pa sikirini: dzanja likugunditsa foni pa makina olipirira]

Pomwe pali kusiyana kwenikweni ndi pa kalipiridwe. iPhone inatuluka mu 2007, chaka chomwe Netflix inayamba kuonetsa mafilimu pa intaneti. Spotify, yomverera nyimbo pa intaneti, inabwera mu 2008. Makolo ankagula kaseti kapena CD kamodzi, n'kukhala yawo. Ana amalipira mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku lomwe asiye kulipira, nyimbo zonse zapita.

Vuto lake ndi ili. Ambiri mwa makampaniwa amakupatsani masiku oyesera ulere, koma amafuna nambala ya khadi poyamba. Masikuwo akatha amayamba kudula okha, osafunsanso. Tinene kuti muli ndi zisanu zotere, chilichonse madola 12. Ndi madola 60 pamwezi, 720 pachaka, zikutuluka ngati madzi m'ndowa yothonya. Kuti muzigwire, tengani sitetimenti ya ku banki ya miyezi 12, osati umodzi, chifukwa zina zimadula kamodzi pachaka. Chongani ndalama iliyonse yomwe ikubwerezabwereza, n'kudzifunsa kuti chinthucho munachigwiritsa ntchito liti komaliza.

Ndiye pali kugula lero n'kulipira pang'onopang'ono, kudzera m'makampani ngati Klarna, Afterpay ndi Affirm. Njira yofala ndi yogawa panayi. Nsapato ya madola 200, mumalipira 50 pomwepo, kenako 50 pakatha milungu iwiri iliyonse, ndipo pa milungu isanu ndi umodzi mwamaliza. Nthawi zambiri palibe chiwongoladzanja, chifukwa kampaniyo imadya kwa wogulitsa. Wogulitsayo amavomera podziwa kuti munthu akaona 50 m'malo mwa 200 dzanja limapepuka. Zimasokonekera munthu akatenga zitatu kapena zinayi nthawi imodzi. Masiku odula amagundana, m'akaunti mulibe kanthu, kampani ina imalipitsa chindapusa chochedwera, nayonso banki n'kulipitsa chake. Amene anazolowera Kutapa kapena Pasavute pa foni kuno kwathu akudziwa kale mmene ngongole yaing'ono yotenga ndi chala imadyera ndalama yomwe isanafike n'komwe.

[Pa sikirini: chiphaso cha malipiro, mzere wa 401(k) wazunguliridwa]

Pali ndalama ina yomwe siioneka pa shopu. Ogwira ntchito akale ambiri, makamaka m'makampani akuluakulu, anali ndi penshoni yomwe bwana ankalonjeza kulipira mpaka imfa. Lamulo la mu 1978 linatsegula njira yosungira ndalama za paukalamba yotchedwa 401(k), momwe wogwira ntchito amadula yekha gawo la malipiro ake n'kuliika m'masheya, bwana n'kuwonjezerapo ngati wafuna. Msika ukagwa, wolira ndi wantchito. Choncho millennial amene akuoneka kuti sakugula katundu mwina akudzilipirira ukalamba womwe bambo ake anaulandira ku kampani.

Komatu musawaike onse m'thumba limodzi. Kuyambira 2020 mitengo ya nyumba ndi masheya inakwera kwambiri, ndipo chuma cha ma millennial onse pamodzi chinakula msanga. Koma chinakulira amene anali nazo kale zinthuzo. Wobadwa mu 1983 yemwe anagula nyumba mu 2020 pa 3 peresenti akulipira ndalama yosasintha pomwe nyumba yake ikukwera mtengo. Mng'ono wake wobadwa mu 1995 akulipira lendi yokwera chaka ndi chaka, ndipo akapita ku banki lero adzapeza chiwongoladzanja chowirikiza kawiri pa nyumba yomwe nayonso yadula.