Pakati Pena Mwana Woyamba Akadali Kumsana

Zikomo a mfumu, amayi ndi abambo, ndi inu agogo mwakhala kumbuyoko, senderani kuno chifukwa nkhaniyi ndi yanunso. Tikambe za mayi amene ali ndi pakati pamene woyamba ali ndi chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, uja timati watumbizidwa.

Za mayiyo sindichedwapo. Sikelo ayambe miyezi 3 isanathe, ndipo masiku ano amafunika kuonedwa maulendo 8. Fansida ndi mankhwala owonjezera magazi amwe ndithu, chifukwa mimba zotsatizana zimatha magazi. Asanene kuti ndinaberekapo kale, njira ndikuidziwa. Matenda obereka mwana wachiwiri kawirikawiri amafulumira kuposa oyamba, choncho amene muli kutali pitani kuchidikiriro mwezi wa 9 ukangoyamba, zitenje, beseni, pepala lapulasitiki ndi buku lakuchipatala zili m'chikwama.

Tsopano wamkuluyo. Vuto limene timaliona kusikelo ndi ili: mayi akangozindikira kuti waima, tsiku lomwelo amapaka tsabola kubere, mawa lake mwana ali kwa agogo. Bere lapita, msana wapita, amayi akenso apita. Mwanayo amayamba kukana chakudya, ndipo pakapita miyezi ingapo mapazi atupa, tsitsi lafiira, khungu likusupuka. Anthu n'kumati wayamwa mkaka woipa. Ayi, imeneyo ndi njala. Mkaka wa mayi woyembekezera suwola. Umangochepa ndi kusintha kakomedwe, moti ana ambiri amausiya okha. Ngati mayi akutaya magazi, ali ndi mapasa, kapena anaberekapo mwana wosakwana masiku, afunse anamwino. Amene ali pa ma ARV atsatire zimene anauzidwa kuchipatala. Enanu mutha kupitiriza kuyamwitsa.

Mukafuna kumuletsa, chotsani nthawi imodzi yoyamwa, mudikire masiku angapo, kenako ina. Yambani ndi ya masana, ya usiku ikhale yomaliza. Pamalo pa bere paikidwe chakudya: katatu kapena kanayi patsiku, ndi zotolatola kawiri monga nthochi, mbatata kapena papaya. Phala likhale la mgaiwa, lolimba losayenderera pa supuni, muthiremo nsinjiro, usipa wosinja, dzira kapena supuni ya mafuta. Mpatseni mbale yakeyake, wina akhale naye pansi mpaka amalize. Akamadyera limodzi ndi akuluakulu, ndiwo zimatha iye ali pa mbamu yachiwiri.

Kusikelo musamusiye. Vitamini A ndi mankhwala a njoka zam'mimba amalandira miyezi 6 iliyonse, katemera wachiwiri wa chikuku ndi pa miyezi 15. Lamba woyezera pamkono akaonetsa pofiira, kutanthauza kuchepera masentimita 11.5, kapena mukadina phazi chala n'kusiya dzenje, thamangani naye tsiku lomwelo akayambe chiponde.

Zina zonse zosintha muzichite mimba ili miyezi 5 kapena 6, osati sabata yobadwa khanda. Ngati adzachoke pamphasa ya amayi ake, achoke pano, ndipo kumene akupitako kukhale neti. Kumubereka ayambe azakhali kapena abambo. Inde abambo, musaseke, chitenje sichisankha msana. Amene adzatsale naye mayi ali kuchipatala ayambiretu kumusambitsa ndi kumugoneka. Ngati n'kotheka agogo abwere kunyumba kuno m'malo motumiza mwana kwawo. Ndipo osamuzemba. Muuzeni kuti amayi akupita kuchipatala kukatenga mwana, abweranso.

Khanda likafika, mayi polowa m'nyumba apatse wina khandalo, manja akhale opanda kanthu, ayambe wanyamula wamkulu. Alendo obwera kudzaona mwana, muyambe mwapatsa moni wamkuluyo, mwini wake wa khandayo. Komanso kunyogodola kuja koti “walandidwa bere, amako sakukufunanso” kuleke. Ife timaseka, iye amakhulupirira.

Adzabwerera m'mbuyo, zimenezo yembekezerani. Adzayambanso kukodza pogona, kulankhula chibwana, kulirira bere. Osamukwapula, zimatha pakapita masabata angapo. Ngati akadayamwabe, khanda liyambe ndilo, makamaka mkaka woyamba wachikasu uja. Akatsina khanda, gwirani dzanja, nenani kuti “ayi, zimapweteka”, kenako muonetseni kusisita kaphazi. Mtumeni kukatenga thewera, mumuyamikire. Tsiku lililonse mayi apeze kanthawi, ngakhale mphindi 10 khanda likagona, kokhala ndi iye yekha.

Koma awiriwa osawasiya okha, ngakhale mukungopita kuseri kukaphula ndiwo. Mwana wa zaka ziwiri amatha kuika mtedza m'kamwa mwa khanda poganiza kuti akuligawira, kapena kuliphimba nkhope ndi bulangete, kapena kuyesa kulibereka.

Chomaliza ndi cha abambo ndi amayi nonse. Pa sikelo ya masabata 6 mupitire limodzi mukasankhe njira yolera, kaya jakisoni wa miyezi 3, zoika pamkono monga Implanon wa zaka 3 ndi Jadelle wa zaka 5, kapena lupu, kuti padutse zaka ziwiri pakati pena pasanabwere. Amene ali ndi funso aimike dzanja, tiyambe ndi kumbali ya agogo.