Mbande sizifuna manyowa aukali: tipange tiyi wa deliya

(Kudimba, pafupi ndi Lizulu. Kamera ili pa bedi la tomato.)

Alimi anzanga, taonani mbande ziwirizi. Zinachokera pa nazale imodzi, ndipo ndinaziwokera tsiku limodzi. Iyi masamba apsa m'mphepete, yangoti nyontcho. M'phando mwake ndinathiramo dala zitosi za nkhuku zosaola kuti muone nokha. Zitosi zaziwisi zimatentha, pamene mizu ya mbande ndi yanthete ngati ulusi. Zimandipweteka kuona munthu atasamala nazale masabata anayi, m'mawa ndi madzulo kheni ili m'manja, kenako n'kuzipha yekha poganiza kuti akuzidyetsa.

Inzakeyi, yobiriwirayi, yamwa tiyi wa deliya, manyowa amadzi opangidwa ndi masamba a deliya.

(Kamera ionetse chitsamba cha deliya.)

Deliya mukumudziwa, uja wamaluwa achikasu womera m'mbali mwa msewu ndi m'malire a minda. Ambiri timangomulambalala, komatu masamba ake ali ndi nayitirojeni ndi potaziyamu wambiri, ndipo amaola msanga. Thyolani masamba ndi nsonga zanthete, makamaka asanachite maluwa. Mitengo yokhwima isiyeni.

Duladulani ndi chikwanje. Ndowa ya malita 20 iyi ndaika masamba mpaka kupitirira theka, ndatsendera ndi dzanja. Ndithire madzi kufika pakamwa, ndivundikire ndi saka, ndiike pamthunzi. Pakapita masiku awiri kapena atatu alionse, vundulani ndi ndodo.

Masabata awiri amakwana. Koma kuno kwathu, kaya ku Bembeke, kaya ku Tsangano, kuzizira kwa Juni ndi Julaye kumachedwetsa kuola, choncho nthawi imeneyo dikirani masabata atatu. Mudzadziwa kuti zapsa madzi akada, masamba atasungunuka, thovu litachepa. Fungo lokha ndiye konzekani, ndowayi isakhale pafupi ndi khitchini.

(Akusefa ndi saka.)

Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa, mvetserani. Madzi akudawa sathira choncho pa mbande. Kapu imodzi ya tiyiyu, makapu anayi kapena asanu a madzi, mpaka mtundu ufanane ndi tiyi wa masamba ochepa, woti pansi pa kapu pazioneka. Mbewu ikakula mungathe kuchepetsako madziwo.

Tsiku lowokera musathire. Mbande imakhala ikadali ndi mabala ku mizu, imangofuna madzi ndi kamthunzi. Dikirani sabata, iyambe yaimirira yokha. Mukatero thirirani kaye madzi wamba, dothi linyowe, kenako kapu imodzi ya tiyi wosungunula kuzungulira phando, osakhudza tsinde kapena masamba. Madzulo, dzuwa litapepa. Kamodzi pa sabata basi. Kabichi ndi repu nazonso zimaukonda.

Nanga zitosi zija titaye? Ayi. Ziunjikeni ndi udzu ndi zinyalala za m'munda, ziole miyezi iwiri kapena itatu mpaka zizinunkhira ngati dothi, ndiye zilowe m'bedi musanawokere. Phulusa musalisakanize ndi zitosi zaziwisi, limathamangitsa nayitirojeni n'kupita mumpweya.

Zotsalira pa sakazi ndikukaziyala pakati pa mizere, ziolere pomwepo. Ndowa nditsuke, ndikathyole deliya wina, chifukwa kabichi wa pa nazale apo watsala masabata awiri kuti awokeredwe.