Forklift Yafooka? Musathamangire Kunena Kuti Batire Latha

[Kamera ili pa forklift ya magetsi, mpando autukula, batire likuoneka]

Madalaivala ndi amakaniko, kaya muli ku Kanengo, ku Makata kapena m'mawerehausi a ku Joni, vidiyo ya lero ndi yanu. Forklift ikayamba kunyamula mwaulesi kapena kutha moto isanakwane nthawi yowerukira, mawu oyamba kumveka amakhala akuti, "Batire latha, abwana agule lina." Dikirani kaye. Nthawi zambiri chavuta ndi waya, pulagi, kapena selo imodzi yokha.

Batire ili ndi la 48 volts. Muli maselo 24, iliyonse ya 2 volts, yolumikizidwa mondondozana. Ndiye imodzi ikadwala, imabweza onse m'mbuyo.

Musanagwire kalikonse, vulani wotchi ndi mphete, valani magalasi ndi magolovesi. Batire lilibe pozimitsira. Ngakhale muchotse kiyi ndi kuzula pulagi, mateminolo ake amakhalabe ndi moto, ndipo sipanala ikagwera pamwambapa imasungunuka inu mukuona.

[Pafupi: pulagi ili m'manja]

Yambani ndi pulagi. Taonani mkatimu: chitsulo ichi chada, chachita timaenje, pulasitiki wake wapindika ndi kutentha. Zimenezi zimabwera chifukwa chozula pulagi chaja ikadayaka. Moto umathetheka, chitsulo chimapsa pang'onopang'ono. Chizolowezi china choipa ndi kukoka waya m'malo mogwira chogwirira. Kunja waya amaoneka bwinobwino, koma m'kati timawaya ta kopa tikuduka kamodzikamodzi, makamaka apa pomwe waya akulowa m'pulagi ndi apa pomwe amakhuzana ndi m'mphepete mwa bokosi la batire.

Pindani wayayo ndi manja. Akalimba ngati ndodo, kapena akatupa pafupi ndi teminolo, asidi analowa kale. Mukasenda mupeza kopa wasanduka wobiriwira. Ntchito ikangotha, mukhudzeni: waya wabwino amangofunda, wotentha moti simungamugwire ndi wodwala.

Mita ndiyo imathetsa mkangano. Ikani multimeter pa DC volts, nsonga imodzi koyambira kwa waya, ina kothera kwake, mnzanu anyamule katundu ndi forklift. Waya wabwino amangodya kachigawo kochepa ka volt imodzi. Mukaona volt yathunthu ikutayikira pa waya mmodzi, mwampeza wakubayo. Musamange ndi tepi ayi. Sinthani ndi wina wonenepa chimodzimodzi, mmodzi pa nthawi, nsonga ya mnzakeyo mutaikulunga kuti asagundane. Ngati pulagi yanu ndi ya Anderson SB, samalani mtundu: yofiira ndi ya 24 volts, yotuwa 36, yabuluu 48, ndipo anazipanga dala kuti za mitundu yosiyana zisalowane.

[Kamera ikwere pamwamba pa maselo]

Mawaya akakhala bwino, tibwere ku maselo. Tchajani batire lidzaze, lizizire, kenako yezani selo iliyonse ndi hydrometer, kachipangizo koyezera mphamvu ya asidi wa m'selo, n'kumalemba. Selo yodzaza imaonetsa pafupifupi 1.280, ndipo pa mita imakhala cha pa 2.1 volts. Chofunika kwambiri si nambala ya selo imodzi, koma kusiyana kwake ndi anzake. Ngati 23 zikugwirizana koma imodzi yatsalira kutali, tchajani pa equalize, kutchaja kowonjezera kofananitsa maselo onse, muyezenso. Ikakanikabe, akatswiri a mabatire amatha kuchotsa selo yokhayo n'kuika ina. Mtengo wake sungafanane ndi wa batire lathunthu.

Madzi ndiye amapha mabatire ambiri. Thirani madzi a batire okha, osati a pampopi kapena a pamjigo, chifukwa mchere wake umawononga mapuleti a m'kati mwa maselo. Asidi musawonjezere, chimene chimauma ndi madzi. Ndipo thirani mukatha kutchaja. Potchaja madzi amakwera, ndiye mukadzaziratu amasefukira, asidi n'kutayikira pamwamba. Pokhapokha mapuleti akakhala poyera, thirani ongokwanira kuwamiza, mutchaje, mumalizitse pambuyo. M'miyezi yotentha ngati Okutobala, suzumiranimo sabata iliyonse.

Zoyerayera zomwe zaunjikana apazi zimabanso moto, chifukwa chinyezi cha asidi chimaupatsa njira yopitira ku bokosi lachitsulo. Tsekani zivindikiro zonse, mutsuke ndi madzi osakaniza ndi soda, yemwe uja wa m'therere, koma asalowe m'maselo.

Pa katchajidwe, lamulo lakale ndi maola 8 pantchito, 8 pachaja, 8 kuzizira. Likatsala ndi 20 peresenti, imitsani. Kuno kwathu magetsi akamazimazima, batire limachoka pachaja lisanadzaze tsiku ndi tsiku, mapuleti n'kumakutidwa ndi sulphate, zonga mchere zolimba zomwe zimawalepheretsa kusunga moto. Choncho magetsi akakhazikika, lisiyeni lidzaze mpaka chaja izime yokha. Potchajira pazipita mphepo, ndipo fodya ndi wowotcherera zitsulo akhale kutali, chifukwa batire limatulutsa mpweya wa hydrogen womwe umatha kuphulika ndi kamoto kochepa ukangofika 4 peresenti mu mpweya wa m'chipinda.

Batire losamalidwa limatchajidwa pafupifupi ka 1,500, zomwe ndi zaka ngati zisanu pa shifiti imodzi patsiku. Likamalephera kusunga 80 peresenti ya mphamvu yake, maselo ambiri atafookera limodzi, apo ndiye lathadi.

[Pafupi: kachitsulo kolembedwa ka forklift]

Pogula lina, musangoyang'ana ma volts ndi kukula kwa bokosi. Werengani apa: alemba kulemera kochepetsetsa komwe batire liyenera kukhala nako. Ambiri a 48 volts amayandikira kapena kuposa tani imodzi, ndipo kulemerako ndiko kumagwira forklift kuti isagwe chamutu ikanyamula. Polichotsa, phimbani pamwamba ndi labala kapena pulayiwudi, munyamule ndi chitsulo chopingasa chomwe ngowe zake zimakola molunjika, chifukwa tcheni chokha chimafinya bokosi ndipo chikhoza kugwera pa mateminolo. Latsopano likalowa, likhomeni ndi zotchingira zake musanalumikize pulagi. Lakalelo perekani kwa ogula mabatire akutha asidi wake ali momwemo, musamukhuthulire m'ngalande.