Mchira wa buluzi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu amene mmawa uno muli pa ntchito yodzutsa ana kuti asachedwe kusukulu. Tiyeni titsegule Miyambo 30:24-28, pomwe Aguri akutchula tinthu tinayi tating'ono padziko koma tanzeru kwabasi: nyerere, mbira, dzombe ndi buluzi.

Ndiyambe ndi kuulula pomwe ine ndinaphonya. Mnyamata wanga wa zaka 9 sabata yatha anabwera kuchokera kusukulu maso ali psuu, anzake anamuseka mkalasi chifukwa anachita chibwibwi powerenga mokweza, ndiye atafika anangoponya chikwama pansi nkunena kuti iye basi sadzapitakonso. Ine mosaganiza ndinamugwira paphewa nkumuuza zija timauza ana tonsefe, iwe ndi mkango, mkango suopa kanthu, pukuta misoziyo. Mwana anandiyang'ana nkunena kuti, "Amayi, ine si mkango. Mkango sulira." Nkulowa kuchipinda.

Mawu amenewo anandilasa mtima usiku onse. Ndimafuna kumulimbikitsa koma ndinamupatsa nyama yoti akadziyerekeza nayo azingoona kuperewera kwake, ndiye pa manyazi a mkalasi paja ndinaonjezerapo ena akuti walepheranso kukhala mkango.

Sikuti mkango ndi olakwika ayi, Miyambo 28:1 imati olungama amalimba mtima ngati mkango, ndipo Yesaya 40:31 tonse timaikonda ndi mapiko a chiwombankhanga aja. Komatu taonani zomwe Aguri anachita. Mkango anautchula ndithu, pa vesi 30, mgulu la zoyenda monyadira. Koma atafika pa nkhani ya nzeru sanauikemo, anasankha tinthu toti mwana angathe kutiponda ndi phazi, ndipo nyerere ndi mbira anayamba wanena poyera kuti zilibe mphamvu. Sanabise kufooka kwake. Ife makolo ndi amene timabisa, timafuna mwana amve ngati palibe chingamugwetse pomwe iye mwini akudziwa kuti lero lomwe wagwa.

Tatengani mbira. Sindikunena zoweta zija, ndikunena za mmatanthwe, kanyama kolemera makilo ngati 4 basi, kopanda nyanga kopanda zikhadabo zomenyera nkhondo, ngakhale una sikakumba kokha, ndipo ziwombankhanga ndi akambuku amakasaka tsiku ndi tsiku. Ndiye kamapulumuka bwanji? Kamakhala kufupi ndi mng'alu wa thanthwe. Kuphazi kwake kuli kofewa konyowa pang'ono moti kamagwira mwala oterera osagwa, ndipo zikamadya kapena kuothera dzuwa mmawa pamakhala ina pamwamba yolondera, ikangoona mthunzi wa mbalame imakuwa zonse nkuti balala kulowa mmiyala. Ana amadabwa mukawauza kuti asayansi anapeza kuti mwa nyama zapamtunda m'bale wake wapafupi wa kanyama aka ndi njovu, wanga anakana mpaka tinayang'ana limodzi pa foni. Salimo 104:18 imati matanthwe ndi pothawira mbira, ndipo Davide yemwe uja anapha mkango ndi chimbalangondo sanachite manyazi kunena pa Salimo 18:2 kuti Yehova ndiye thanthwe langa. Munthu wankhondo koma amadziwa kothawira. Mwana amene akuvutitsidwa ndi anzake akuyenera kumva kwa ife kuti kuthamangira kwa mphunzitsi, kwa amayi, kwa abambo, kwa Mulungu mpemphero si mantha ayi, ndi nzeru za mbira, ndipo ana ambiri amavutika mwakachetechete chifukwa tinawaphunzitsa kuti olimba sanena.

Za nyerere sindichulutsa, ana amazidziwa kale, mungogwada nawo pansi muone kamodzi kakukoka chinthu chokaposa kukula, kagwetsa, kabwerera, katolanso. Dzombe nalo lilibe mfumu koma limayenda pamodzi, limodzi lokha mbalame imangotola.

Koma amene anandithandiza pa mwana wanga ndi buluzi. Mmawa mwake tinaona mmodzi pakhoma, mchira wake waufupi komanso wa mtundu osiyana ndi thupi, ndiye ndinamuitana mnyamata uja ndinati bwera udzaone, ukuganiza kuti chinamuchitikira nchani ameneyu? Anati kaya, mwina mphaka. Ndinati eya, ndipo mphakayo ali kuti? Anatsala ndi mchira, mwini wake ndi uyu ali pakhoma akuothera dzuwa.

Mulungu anawapanga modabwitsa abuluzi ambiri. Mu mchira muli malo oduka mosavuta, chilombo chikagwira pamenepo buluzi amaudula yekha, magazi satuluka ambiri, ndipo mchira uja umatsala ukuphiriphitha pansi, mdani maso ali pa mchira mwini wake wapita kalekale. Si kuti sizimutayitsa kanthu, ambiri amasunga mafuta mu mchiramo ndiye wataya nkhokwe yake, ndipo kwa kanthawi sathamanga bwino ngati kale. Kenako pakapita masabata, ena miyezi, mchira wina umamera. Apa ndi pomwe ndikufuna tisanamize ana: watsopanowo sufanana ndi wakale. Mkati mulibe mafupa enieni, muli kofewa ngati ka kukhutu, ndipo mtundu wake nthawi zambiri umaonekeratu kuti apa panachitika kanthu. Koma buluzi uja ali moyo, akusaka, akukwera khoma, ndipo Aguri akuti ungamugwire ndi dzanja koma umamupeza mnyumba za mafumu.

Ndinamuuza mwana wanga kuti dzulo anzako anakudula mchira, zinawawa ndipo sindinena kuti sizinawawe, koma iwe uli pano. Anakhala chete nthawi yaitali akumuyang'ana buluziyo kenako anafunsa, "Ndiye umatenga masiku angati kuti umere?" Ndinati sumera tsiku limodzi, paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono nkudekha. Tsiku limenelo anapita kusukulu mochedwa, ndipo kunena zoona sanawerenge mokweza, mpaka lero sanayambe, koma madzulo amandiwerengera ine ndime imodzi ndipo akakodwa pa liwu amapuma nkuyambiranso.

Ndikudziwa mugulu muno muli ana amene anataya zoposa izi. Ena anataya mayi kapena bambo, ena makolo analekana, ena abwereza kalasi anzawo apita patsogolo, ena matenda anawasiyira chipsera. Mwana otere mukamuuza kuti zonse zibwerera mwakale amadziwa kuti si zoona ndipo amasiya kukukhulupirirani. Yesu atauka kwa akufa zipsera za misomali zinalipobe mmanja, anamuonetsa Tomasi pa Yohane 20:27, sanazibise.

Yobu 12:7 imati tafunsa nyama zikuphunzitsa, ndi mbalame za mlengalenga zikuuza. Ambuye Yesu naye pa Mateyu 6:26 anangoloza mbalame nkunena kuti taziyang'anani. Nchifukwa chake ine ndikuona kuti tisamafulumire kumasulira, mulozereni mwana kanyamako, mumufunse waona chani, mudikire. Nthawi zambiri yankho lake limakuuzani chomwe chikumupweteka mumtima chomwe sakanachinena mukanamufunsa mwachindunji. Wanga sanafunse za mphaka, anafunsa za masiku.

Tiyeni tipemphere. Atate wakumwamba, Inu amene munalenga nyerere ndi buluzi ndipo simuiwala ngakhale mpheta imodzi, tikupereka mmanja mwanu ana athu amene akutuluka mnyumba mmawa uno. Mukhale pafupi ndi amene akuopa kulowa mkalasi, amene amasekedwa, amene akulira munthu amene sadzabweranso. Mutikhululukire ife makolo pomwe tinawatseka pakamwa pofuna kuti aoneke olimba. Mukhale thanthwe lawo lero, ndipo pomwe panaduka mumeretse mu nthawi yanu. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.