Za madzi a dilipi ndi lactate pa septic shock: uthenga wa mawu kwa a shifiti ya usiku

Eya, mwaswera bwanji nonse a usiku uno. Asisita, komanso inu achimwene amene mwangoyamba kumene ku ICU kuno, uwu ndi wanu makamaka. Utalika pang'ono, mupirire.

Nkhani ndi ya lactate, asidi uja timayeza m'magazi, amene amatha kukwera ziwalo zikamapereweredwa magazi ndi okosijeni. Ndikumaona pa machati, lactate yabwera 4, mwapachika thumba la madzi a dilipi a Ringer's. Yabweranso 3.8, mwapachika lina. Iyayi. Tiyeni… dikirani, ndiyambire poyambira.

Tikati septic shock, kugwa kwa BP chifukwa cha matenda a tizilombo amene asokoneza thupi lonse, malinga ndi tanthauzo la Sepsis-3 la 2016 lija, ndi munthu amene MAP yake, ndiye kuti BP ya pakatikati ija, siifika 65 popanda mankhwala okweza BP, ndipo lactate yapyola 2 ngakhale walandira kale madzi okwanira. Za magazi a culture, maantibayotiki m'ola loyamba, kanula, katheta, zimenezo mukuzidziwa, sindibwereza.

Madzi. Malangizo a Surviving Sepsis Campaign a 2021 akuti mamililita 30 pa kilo iliyonse m'maola 3 oyamba. Munthu wa makilo 60 ndiye kuti 1,800, pafupifupi malita awiri. Koma eni akewo mu 2021 analifooketsa langizoli, sakuumiriranso ngati mmene ankachitira mu 2016. Ndiye ife tizipereka pang'onopang'ono, mamililita 250 kapena 500, kenako n'kubwerera kukamuona munthuyo. Ndikuti kumuona iyeyo, osati pepala. Mwamva?

Chifukwa chake n'chapafupi pompa, ku Lusaka. Pa University Teaching Hospital anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2017, akuluakulu oposa 200, ambiri mwa iwo ali ndi HIV. Gulu limodzi linalandira madzi ochuluka mofulumira, mpaka malita 4 m'maola ochepa, lina linasamalidwa mwa nthawi zonse. Mwa a madzi ambiriwo anamwalira 48 pa 100 aliwonse, kwinako 33. Makina opumira anali osowa, ndiye mapapo akadzaza madzi panalibe pothawira. Ndipo kwa ana, kafukufuku wa FEAST wa 2011 uja, wa ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, nayenso anapeza kuti bolasi, kupereka madzi ambiri mofulumira nthawi imodzi, inachulukitsa imfa. Sindikuti musapereke madzi, ayi, musandimve molakwika. Munthu wouma, lilime gwaa, wakhala akutsegula m'mimba, mpatseni. Ndikuti madzi nawonso ndi mankhwala, ali ndi mlingo wake.

Tsopano apa ndipo ndichedwepo, katengedwe ka magaziwo. Apa mpamene zinatisokonekera nthawi ina. Magazi anatengedwa madzulo, chubu chinakhala pa tebulo la manesi kudikira wopita nacho ku labu, chinakhala, chinakhala. Maselo a magazi m'chubumo sasiya kudya shuga, ndipo akamadya shugayo akutulutsa lactate. Yankho linabwera lokwera zedi, wodwala anawonjezeredwa madzi, pofika m'bandakucha akupuma movutikira. Koma manja ake anali ofunda usiku wonse, mkodzo ukutuluka bwinobwino. Nambala ija inali ya chubu, sinali yake.

Ndiye tamverani. Musatenge magazi pa mkono umene kuli dilipi, makamaka ngati ukuyenda ndi Ringer's, poti m'thumbamo muli kale lactate. Tengani mkono winawo. Lamba womanga mkono uja asakhalitse, ndipo wodwala asamangofumbata ndi kutambasula dzanja. Mukatenga, muyeze pa makina a gasi, oyezera mpweya wa m'magazi aja, nthawi yomweyo, pasapite mphindi 15. Ngati akupita ku labu, chubu cha chivindikiro chotuwa chija, cha fluoride, kapena muike pa ayezi. Ndibwerezenso, poti ndikudziwa wina afunsa m'mawa: chotuwa. Osati chofiirira cha full blood count chija. Mulembe nthawi imene mwatengera pa chubupo. Yankho likabwera losagwirizana ndi munthu amene mukumuona, tengani ena, musayambe n'kupachika thumba.

Eee, ndinali pati… inde. Lactate ikakwera sizitanthauza nthawi zonse kuti thupi likusowa madzi. Noradrenaline, mankhwala okweza BP aja, akatha timagwiritsa ntchito adrenaline, eti? Adrenaline payekha amakweza lactate. Salbutamol wa mphumu uja chimodzimodzi. Munthu wa shuga amene amamwa metformin impso zitafooka, munthu amene wangogwa khunyu, munthu amene chiwindi chake chawonongeka, poti chiwindi ndicho chimachotsa lactate yambiri m'magazi. Ndipo ngati m'mimba muli thumbo lakufa kapena mafinya, mutha kuthira mgolo wonse, siitsika. Ameneyo akufunika a opaleshoni, aitaneni usiku womwewo.

Panali mnyamata wina, kwina kumene ndinagwirako, wanzeru ndithu, koma wosamva za anzake. Sisita wamkulu akumuuza kuti adokotala, munthuyu kupuma kwakwera, mitsempha ya m'khosi yatupa. Iye amvekere, lactate sinatsike, onjezani lita ina. Sisita uja anachita kukana kutsegula dilipi mpaka wamkulu wawo atabwera. Achimwene, asisita akakuuzani kuti wodwala wasintha, nyamukani mukamuone. Komanso mbali inayi, achibale ena amabwera naye munthu patapita masiku akutentha thupi, atayesa kaye Panado ndi za kwa sing'anga, impso zitatseka kale. Ameneyo madzi alibe kotulukira. Samalani naye kawiri.

Chala. Ndinatsala pang'ono kuiwala chala. Tengani kagalasi ka maikulosikopu, kanikizani kumimba kwa chala cha wodwala mpaka payere, gwirani masekondi 10, siyani, muwerenge ndi wotchi. Magazi akabwerera pasanathe masekondi 3, zili bwino. Pakhungu lathuli yang'anani kumimba kwa chalako, pali kuwala kokwanira, tochi ya foni imathandiza. Kafukufuku wa ANDROMEDA-SHOCK wa 2019, wa ku South America, anayerekeza kutsata chala ndi kutsata lactate. A chala anamwalira pafupifupi 35 pa 100, a lactate 43. Kusiyanako sikunafike poti n'kutsimikiza kwenikweni, koma a chalawo analandira madzi ocheperako, ndipo chala sichidikira labu. Iwo ankayeza mphindi 30 zilizonse, lactate maola awiri aliwonse.

Ndiye chala chabwerera msanga, maondo alibe mawangamawanga, mkodzo ukufika theka la mililita pa kilo pa ola, munthu akuyankha mukamuitana, lactate ikadali 3: musiyeni, muyezenso pakapita maola awiri kapena anayi. Imatsika mochedwa.

Koma MAP ikakana kufika 65 mutapereka madzi oyamba aja, musadikire thumba lachinayi, yambani noradrenaline. Central line, kapaipi kolowa mu mtsempha waukulu wopita ku mtima kaja, kulibe? Yambani pa mtsempha waukulu wa pachigongono kapena pamwamba pake, muziyang'ana pa kanulapo pafupipafupi kuti mankhwala asatayikire m'mnofu. Ndipo okosijeni ikayamba kutsika, kapena mukamva madzi m'munsi mwa mapapo, tsekani dilipi, mkwezeni mutu, mundiimbire. Nthawi ina iliyonse, foni ndasiya yotsegula. O, ndipo wina aone ngati makatiriji a makina a gasi aja akwanira mpaka m'mawa.