Buleki imapondedwa kona isanafike

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Mawu a lero ali pa Yakobo 1:19: "munthu aliyense akhale wotchera khutu, wodekha polankhula, wodekha pakupsa mtima." Vesi iyi tonse timaidziwa, ena mpaka timaiphunzitsa ana. Ndiye lero, musanamuyankhe aliyense, yambani mwaponda buleki.

Ku Japan kuli magemu a mpikisano wa galimoto, aja oti umaponya kobidi ya 100 yen m'makina n'kukhala pampando wokhala ndi chiwongolero, giya, buleki ndi chopondera moto. Pa misewu ya m'mapiri, gemu imene inatchuka kwambiri ndi Initial D Arcade Stage, imene kampani ya Sega inatulutsa mu 2002. Msewu umene osewera amaukonda ndi wa Akina, wotengera phiri lenileni la Haruna m'chigawo cha Gunma. Ukamatsika, chakumunsi kuli makona asanu otsatizana, okhota mpaka galimoto imayang'ana kumene yachokera. Pamenepo m'pamene pamadziwika wodziwa ndi wongokonda liwiro.

Wongoyamba kumene amalakwitsa chinthu chimodzimodzi nthawi zonse. Amatsika ali pa giya 4, phazi lili pamoto, n'kukumbukira buleki atalowa kale m'kona. Apo zatha. Matayala akutsogolo sangathe kuima ndi kukhota nthawi imodzi pa liwiro lotere, ndiye ngakhale apinde chiwongolero mpaka mapeto, galimoto imangopita molunjika kukagunda chitsulo cha m'mbali. Liwiro limagwa, nthawi ya pawotchi ikungotha, mnzake wadutsa kalekale.

Wodziwa amachita zonse kona isanafike. Amaika galimoto kumbali yakunja kwa msewu. Amaponda buleki galimoto idakali yowongoka, n'kutsitsa giya kufika pa 3 kapena pa 2. Buleki ija imakankhira kulemera kwa galimoto kutsogolo, matayala akutsogolo amagwira msewu zolimba, akumbuyo amapepuka. Akapinda chiwongolero, kumbuyo kumatsetsereka chammbali, mphuno n'kuloza mkati mwa kona. Imeneyo ndiye drift. Pooneka imakhala ngati galimoto yapenga, koma munthu wake anadekha kale mamita angapo kumbuyoko.

Abale anga, makona athu timawadziwa. Uthenga wa pagulu la banja wonena za zopereka za maliro, wolembedwa ngati inu nokha ndi amene simunapereke. Bambo a m'nyumba kuyankha mwachidule m'mawa, osayang'ana n'komwe. Bwana kukudzudzulani pamaso pa anzanu pa cholakwa chosakhala chanu. Timalowamo phazi lili pamoto, chala chikulemba kale yankho pamene mnzathu sanamalize n'komwe. Kenako tikafika pakati, mawu atatuluka kale, m'pamene timati "sindimatanthauza choncho." Buleki ya m'kati mwa kona imeneyo, mayi. Siigwira.

Taonani kumene kulemera kumapita munthu akadekha: kumakutu. Yakobo anayamba ndi khutu, pakamwa n'kubwera pambuyo. Mukaima pang'ono, mumamva kuti mlongo wanu uja sakufunsa ndalama kwenikweni, watopa ndi kusenza yekha. Zimenezi sizimveka mtima ukuthamanga.

Ndipo musati nkhani ndi mphamvu. Galimoto yotchuka m'gemuyi ndi Toyota AE86, kagalimoto ka m'ma 1980 ka injini ya malita 1.6, kokankha ndi matayala akumbuyo. Pali magalimoto ena ngati Skyline GT-R ndi RX-7 amphamvu kuposa apo, koma potsika phiri lokhotakhota mphamvu zambiri zimangofulumizitsa munthu kukafika pachitsulo. Ena a ife Mulungu anatipatsa pakamwa pamphamvu, mawu sitisowa, mkangano sitigonja. Ndife amene tikufunika buleki kuposa onse. Kupambana mkangano n'kutaya mwana wako wamwamuna, amene tsopano amangoti "chabwino" pa chilichonse, si kupambana kumeneko.

Koma pali kulakwitsa kwina, ndipo apa ndikunena ife odziyesa ofatsa. Wosewera wamantha amaponda buleki kwambiri, osaisiya. Galimoto imafika pakati pa kona itatheratu liwiro, kumbuyo sikutsetsereka, ndipo potuluka imachita kukwawa. Sanagunde chilichonse, komabe waluza. Wodziwa akangoona potulukira, amabweza chiwongolero pang'ono kuti kumbuyo kusazungulire, n'kuponda moto mwapang'onopang'ono, osati kamodzi n'kamodzi. Kudekha polankhula si kukhala duu sabata yonse, kuika mbale patebulo osanena kanthu, n'kumati ndikupemphera. Ikafika nthawi yake, lankhulani. Nenani chimene chakupwetekani, mawu ochepa, mawu oona, popanda kukumba za chaka chatha.

Makona asanu a Akina aja ali ndi vuto lina. Ukatuluka moipa pa yoyamba, yachiwiri umailowera kumbali yolakwika, ndipo yachitatu imakupeza usanakonzeke. Ndi mmene limakhalira tsiku loyamba ndi mkwiyo: mwakalipira mwana chifukwa cha yunifomu, mwakangana ndi kondakitala pa chenji, pofika kuntchito aliyense ndi mdani. Osewera amaloweza msewu n'cholinga chimenechi, amadziwa chikwangwani kapena mtengo umene akaudutsa ayenera kuyamba buleki. Inunso muli nacho chizindikiro chanu. Kwa ena nkhope imatentha, kwa ena mawu amakwera, ena amayamba ndi "iwe nthawi zonse." Mukachiona, ikani foni pansi, pumani, nenani mumtima kuti Ambuye gwirani pakamwa panga. Pondani pamenepo, osati patsogolo.

Ngati dzulo munagunda kale, musachite zimene amachita wosewera wokwiya, kukoka chiwongolero mwamphamvu n'kukagundanso mbali inayo. Wongolani kaye. Munthu uja muimbireni m'mawa uno musanayambe ntchito, mumupepese osawonjezera "koma nawenso", ndipo akayamba kulankhula mumusiye amalize.