Kapezedwe ka Timabotolo ndi Timitsuko Tosungiramo Vinyo Wopanga Pakhomo

Amayi ndi abambo, zikomo kwambiri chifukwa chobwera. Lero ndikufuna tikambirane za ziwiya zosungiramo vinyo amene timapanga tokha pakhomo, makamaka timabotolo ndi timitsuko ta misinkhu yosazolowereka, timene anthu ambiri amatikumbukira vinyo atayamba kale kuwonongeka.

Ndiyambe ndi chifukwa chake timafunikira. Masiku oyambirira, pamene yisiti ikudya shuga mwamphamvu, madzi a zipatso amatulutsa mpweya wambiri wa kaboni dayokisaidi, ndipo mpweyawu umadzaza pamwamba pa vinyo n'kumamuteteza. Kuwira kukachepa, chitetezocho chimathanso. Ngati pakati pa vinyo ndi chotsekera patsala danga lalikulu, okosijeni amene ali mumpweya wa m'dangamo amadetsa mtundu wa vinyo, amapha fungo la chipatso, ndiponso amapatsa mphamvu tizilombo totchedwa Acetobacter, timene timasandutsa mowa kukhala viniga. Louis Pasteur anafufuza za tizilombo timeneti m'zaka za m'ma 1860, ndipo kuyambira nthawi imeneyo opanga vinyo akudziwa kuti tizilomboti sitingagwire ntchito yake popanda mpweya. N'chifukwa chake chiwiya chilichonse chimene muli vinyo womaliza kuwira chiyenera kudzaza mpaka m'khosi, kungotsala masentimita awiri kapena atatu pansi pa chotsekera.

Vuto ndi lakuti vinyo amachepa nthawi iliyonse imene tamusamutsa. Tikamukoka ndi kapayipi kuchoka m'mtsuko wina kupita m'mtsuko wina, timasiya nsenga pansi, ndipo pamodzi ndi nsengazo pamatsala vinyo wina. Mtsuko umene unali wodzaza dzulo, lero uli ndi danga. Ena amathiramo madzi, koma madzi amasukulutsa vinyo, ndipo mukatero kawiri kapena katatu kukoma kumene munakuvutikira kumazilala. Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi kupanga vinyo wopitirirako pang'ono muyeso wa mtsuko waukulu, n'kusunga wotsalayo m'kabotolo kodzaza bwino, kuti adzakhale wowonjezera pa kusamutsa kotsatira.

Tiyerekeze kuti mwayamba ndi malita 5 a madzi a zipatso m'ndowa. Mukasamutsa koyamba, mtsuko wagalasi wa malita 4.5 udzadzaza, ndipo mwina padzatsala vinyo wokwanira botolo la mamililita 375. Pa kusamutsa kwachiwiri, mtsukowo ungafune theka la botololo kuti udzazenso, ndiye theka lotsalalo silingasiyidwe m'botolo lomwelo chifukwa tsopano muli mpweya wochuluka. Liyenera kupita m'kabotolo ka mamililita 187. Mukuona kuti vinyo wa mtsuko umodzi wokha wafuna ziwiya za misinkhu itatu. Amene amapanga malita 23 amakumana ndi zomwezo: akatsala ndi malita 21, amadzaza mtsuko wa malita 19, kenaka botolo lalikulu la lita imodzi ndi theka, ndipo zotsalazo n'kupita m'botolo la theka la lita.

Pano ndichenjeze za muyeso wa galoni, umene umasokoneza anthu ambiri akamawerenga malangizo a kapangidwe ka vinyo. Galoni ya ku America ndi malita pafupifupi 3.8, ndipo imadzaza mabotolo asanu a mamililita 750, pamene galoni ya ku Britain ndi malita pafupifupi 4.5, ndipo imadzaza mabotolo asanu ndi limodzi. Mukatsatira malangizo a galoni ya ku America muli ndi mtsuko wa galoni ya ku Britain, mudzapeza danga lokwana botolo lathunthu. Komanso musangodalira nambala yolembedwa pa chiwiya, chifukwa ziwiya zambiri zimalowa zochulukirapo kuposa zimene zalembedwa mukazidzaza mpaka m'khosi. Chidzazeni ndi madzi, muyeze madziwo ndi chikho choyezera, ndipo mulembe muyeso weniweni pa kapepala komata pa chiwiyacho.

Nanga timabotolo timeneti tingatipeze kuti? Tambiri tili kale m'manja mwa anthu amene akufuna kutitaya. Malo odyera ndi omwera amataya mabotolo a vinyo a mamililita 750 tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zina mumapezekanso a 375 ndi a lita imodzi ndi theka, choncho kupempha mwaulemu kumathandiza kwambiri. Timabotolo ta mamililita 187 ndi tija timagulitsidwa tili kale ndi vinyo wokwana munthu mmodzi. Mabotolo a mowa a mamililita 330 ndi 500 amatseka mipata ya pakati, ndipo mitsuko yagalasi imene munabwera madzi a zipatso imagwira ntchito mofanana ndi yogulitsidwa kwa ogulitsa zipangizo zofululira. Uzani abale ndi anansi kuti azikusungirani, ndipo musadikire tsiku losamutsa vinyo kuti muyambe kufunafuna.

Si chiwiya chilichonse chimene chili choyenera. Chimene munali mankhwala ophera tizilombo, palafini kapena mafuta a galimoto chisayandikire n'komwe vinyo, ngakhale chitatsukidwa kangati. Botolo limene munali viniga kapena mafuta ophikira ndi bwino kulisiya, makamaka chivindikiro chake, chifukwa chimasunga fungo. Galasi ndiye wabwino koposa popeza salowetsa mpweya ndipo amakulolani kuona mmene vinyo akuyerera. Pa mapulasitiki, yang'anani nambala ili pansi pake: ya nambala 1, yotchedwa PET, ingathandize kwa kanthawi, koma zigubu zofewa za nambala 2, monga za mkaka, zimalowetsa okosijeni pang'onopang'ono ndipo sizoyenera kusungiramo vinyo miyezi yambiri.

Chimene chimavutitsa anthu kwenikweni si botolo ayi, koma pakamwa pake. Vinyo amene sanamalize kuwira amafunika chotsekera cha labala chokhala ndi bowo lolowetsapo airlock, kachipangizo ka madzi kamene kamatulutsa mpweya wa mkati osalola wakunja kulowa. Pakamwa pa botolo wamba la vinyo mkati mwake ndi pafupifupi mamilimita 18 kapena 19, pamene pa mitsuko ya galoni m'potambalala kwambiri kuposa pamenepo, ndiye chotsekera chimodzi sichingakwane ponseponse. Yezani pakamwa ndi rula musanagule chotsekera, ndipo kabotolo kamene simungakapezere chotsekera chokwana bwino musakawerengere. Musayese kutseka kotheratu vinyo amene akuwirabe, chifukwa botolo wamba limaphulika ndipo magalasi ake amavulaza. Dikirani mpaka hydrometer, chipangizo choyezera shuga wotsala m'vinyo, isonyeze nambala yochepera 1.000 ndipo isasinthe kwa masiku angapo.

Ena amathira timipira tagalasi m'mtsuko kuti vinyo akwere kufika m'khosi. Njirayi imagwira ntchito, koma timipirato timafunika tambiri, timakwirira vinyo wina pamodzi ndi nsenga, ndipo tikaponyedwa mwamphamvu tingang'alule mtsuko. Ine ndimaona kuti kabotolo kachiwiri n'kosavuta.

Pomaliza, kasamalidwe kake. Viikani mabotolo m'madzi ofunda kuti mapepala amatuke, muwakweche mkati ndi burashi, ndipo muwayang'ane powala kuti muone ngati ali ndi mng'alu kapena nkhungu pansi. Musathire madzi owira m'galasi lozizira chifukwa limasweka. Tsiku logwiritsa ntchito, tsukuluzani ndi madzi osungunuliramo potassium metabisulphite, mankhwala opha tizilombo omwe ali m'mapiritsi ena otetezera vinyo otchedwa Campden, osati mankhwala oyeretsera okhala ndi klorini, amene angasiye fungo la chinyontho m'vinyo. Mukamasunga mabotolo opanda kanthu, aumitseni kaye atazondoka, kenaka muphimbe pakamwa pake kuti fumbi ndi tizilombo zisalowe. Tsopano amene ali ndi mafunso angathe kufunsa.